Mayi amene anayeza thambo pa malipiro a masenti 30 pa ola

Aliyense amene anayendapo usiku pamsewu wopanda magetsi akulidziwa vuto ili. Mwaona kanyali kamodzi kutsogolo uko, kofiirira, kosawala kwenikweni. Kodi ndi wanjinga ali pafupi pomwepa ndi tochi yake yotha mabatire, kapena ndi chilole cha diso limodzi chimene chidakali makilomita atatu koma chikubwera ndi liwiro lake lonse? Diso palokha silingakuuzeni. Nyali yaing'ono yapafupi ndi nyali yaikulu yakutali zimaoneka chimodzimodzi, ndipo amene amasokoneza ziwirizi timakamuzonda kuchipatala.

Ndayambira pamsewu chifukwa vuto lomweli ndi limene linawaimitsa mitu akatswiri a zakuthambo kwa zaka mazanamazana. Amene analimasula ndi mayi wina wovutika kumva, wolipidwa pa ola ngati waganyu, yemwe dzina lake sindinalimvepo ngakhale kamodzi m'kalasi iliyonse imene ine ndinakhalamo. Dzina lawo ndi Henrietta Swan Leavitt, a ku America, ndipo anamwalira kalekale mu 1921.

Koma ndisanafike kwa mayiwa, tandilolani ndikuonetseni kaye katundu amene anayezedwa ndi sikelo yawo. Kumwera kwa thambo kuli gulu la nyenyezi lotchedwa Centaurus, gulu lomwe lija muli nyenyezi ziwiri zowala zimene zimaloza kamtanda ka kumwera. M'gulu limeneli muli kachinthu kena kotchedwa NGC 4603. Musadzivute kutong'ola maso, simungakaone. Ndi kofooka maulendo oposa 100 poyerekeza ndi kanyenyezi kofookesetsa kamene diso lingathe kuona usiku wopanda mwezi. Anakatulukira ndi Mngelezi wina, John Herschel, mu 1834, ali ku Cape Town ndi telesikopu yake yaikulu, ndipo iye anangoona ngati kautsi basi. Lero tikudziwa kuti kautsiko ndi mlalang'amba wathunthu, mudzi wa nyenyezi mabiliyoni ankhaninkhani, wopotana ngati chigoba cha nkhono. M'mikono yake yopindikayo muli nyenyezi zazing'ono msinkhu zoyaka mobiriwira, ndi mizere ya fumbi lakuda limene nyenyezi zatsopano zimabadwiramo.

Akuti mlalang'ambawu uli pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka 108 miliyoni. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuchoka ku dzuwa kufika pa denga lanu kumangotenga mphindi 8 ndi timasekondi pang'ono. Tsono kuwala kwa NGC 4603 kumene kukufika usiku uno kunanyamuka nyanja ya Malawi kulibe, padziko pakuyendayenda zilombo zonga chija mafupa ake ali kunyumba yosungiramo zakale ku Karonga.

Inu a mumsika ndikudziwa funso limene labwera kale m'mutu mwanu, pakuti ndi lomwe mumafunsa munthu akakuuzani kuti thumba ili ndi la makilogalamu 50: wayeza ndi sikelo iti? Funsolo ndi labwino, ndipo yankho lake ndi moyo wa mayi Leavitt.

Anabadwa pa 4 July 1868 ku Lancaster, m'chigawo cha Massachusetts. Bambo awo, George Roswell Leavitt, anali mbusa wa mpingo wa Congregational, ndipo Henrietta anali woyamba mwa ana asanu ndi awiri. Si banja losauka ayi, tisanamizane. Panthawi imene atsikana ambiri sankapitirira ndi sukulu, iwo anakaphunzira ku Oberlin College, kenako kusukulu ya amayi imene inali pafupi ndi Harvard mumzinda wa Cambridge, yomwe pambuyo pake inadzatchedwa Radcliffe. Anaphunzira Chigiriki, masamu, zojambulajambula ndi zina, ndipo phunziro la zakuthambo analitenga m'chaka chomaliza. Anatsiriza mu 1892. Aphunzitsi anali omwewo a ku Harvard, maphunziro ofanana ndi a anyamata, koma Harvard sinkapereka digiri kwa munthu wamkazi. Anangowapatsa setifiketi yochitira umboni kuti zimene aphunzira ndi zofanana ndi zimene mnyamata amalandira nazo digiri.

Apa ndiye pamandikhudza ine. Ndinachoka ku yunivesite ndili chaka chachiwiri, ndalama zitavuta kunyumba, ndipo mpaka lero ndikafunsira ntchito pali kabokosi kena pa fomu kamene ndimakasiya kopanda kanthu. Koma ine pepala ndilibe chifukwa sindinamalize. Awa anamaliza, nkuwamanabe. Ndikaganiza zimenezo kudandaula kwanga kumachepako.

Atamaliza sukulu anadwala, ndipo makutu awo anayamba kugontha pang'onopang'ono. Anagwirako ntchito yodzipereka, yopanda malipiro, pamalo oonera zakuthambo a Harvard College Observatory, kenako anayenda ku Ulaya, nkukakhalanso ku Beloit, m'chigawo cha Wisconsin, kumene bambo awo anali ndi mpingo. Mu 1902 analembera kalata mkulu wa pamalo aja, Edward Pickering, kupempha kuti apitirize ntchito yomwe anaisiya. Pickering anawaitana nkuwalonjeza masenti 30 pa ola. Kumeneko kunali kuwalemekeza, chifukwa amayi anzawo ambiri ankalandira masenti 25.

Ntchito yake dzina lake inali kompyuta. Inde, musaseke. Masiku amenewo mawuwa sankatanthauza makina ayi, ankatanthauza munthu wolembedwa ntchito yowerengetsa masamu. Pickering, amene anayendetsa malowa kuyambira 1877 mpaka imfa yake mu 1919, anaona kuti zithunzi za thambo zikuchuluka kuposa anthu oziwerenga, ndipo anaonanso kuti amayi ophunzira bwino angathe kuwapeza motchipa. Mmodzi mwa iwo, Williamina Fleming wa ku Scotland, anayamba ngati wantchito wa m'nyumba mwa Pickering yemweyo, nkudzakhala kapitawo wa gulu lonse. Wina, Annie Jump Cannon, amenenso anali ndi vuto la makutu, anasanja nyenyezi zikwi mazana angapo m'magulu amene akugwiritsidwabe ntchito. Kawirikawiri usiku telesikopu inali ya amuna. Amayi ankabwera m'mawa, nkukhala m'chipinda, galasi lokulitsira zinthu m'manja, nkumawerama pa zithunzi.

Zithunzizo sizinali zapepala. Zinali magalasi opaka mankhwala, ndipo nyenyezi zinkatuluka ngati timadontho takuda pagalasi loyera, zikwizikwi pagalasi limodzi, ngati mwawaza tsabola wopera. Mpaka lero ku Harvard akusunga magalasi oterewa okwana ngati theka la miliyoni. Mayi Leavitt anapatsidwa ntchito yosaka nyenyezi zimene kuwala kwake kumasinthasintha. Ankatenga galasi lojambulidwa usiku wina, nkulisanjika pa la usiku winanso limene analitembenuza kuti madontho ake akhale oyera. Nyenyezi zosasintha zinkaphimbana bwinobwino. Imene yasintha inkaonekera ndi kamkombero m'mphepete. Akaipeza, ankaitsata pa magalasi ena ambirimbiri, kuyerekeza kukula kwa dontho lake ndi madontho oyandikana nalo, nkumalemba manambala m'kaundula. Tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Pa moyo wawo wonse anapeza nyenyezi zotere zoposa 2,400, pafupifupi theka la zonse zimene zinkadziwika nthawiyo.

Magalasi amene anawapatsa mwayi anachokera kutali. Harvard inali ndi malo ena oonera thambo ku Arequipa, m'dziko la Peru, chifukwa pali zinthu za kumwera kwa thambo zimene ku Massachusetts sizioneka konse. Zina mwa izo ndi timitambo tiwiri totchedwa mitambo ya Magellan. Ife kuno timationa ulere. Usiku wopanda mwezi cha mu November kapena December, magetsi akazima monga achitira muja, tayang'anani kumwera: muona timitambo tiwiri toyererako, kena kokulirapo, kena kakang'ono, tosasuntha ndi mphepo. Si mvula imeneyo. Ndi timilalang'amba ting'onoting'ono toyandikana ndi wathu. Magalasi ojambula timitamboti ankawapakira m'mabokosi nkuwatumiza pa sitima yapamadzi mpaka kukafika pa tebulo la mayi Leavitt.

Mu 1908 anatulutsa kaundula wa nyenyezi 1,777 zosinthasintha za m'timitambo tiwiriti. Ndi ntchito yotopetsa kuwerenga, manambala okhaokha. Koma chakumapeto anaikapo katebulo ka nyenyezi 16 zimene anali atatha kuwerenga masiku amene iliyonse imatenga kuti iwale, izilale, nkuwalanso. Pansi pake analembapo chiganizo chimodzi chokha, mosadzitama, chosonyeza kuti zowala kwambirizo ndi zimene zikutenga masiku ambiri.

Pano tiyende pang'onopang'ono, chifukwa nkhani yonse yagona apa.

Nyenyezi zimene ankazitsatazi ndi za mtundu wotchedwa Cepheid. Dzinali linachokera ku nyenyezi ina yakumpoto, Delta Cephei, imene mnyamata wina wa ku England, John Goodricke, anaona mu 1784 kuti imawala ndi kuzilala pa masiku asanu ndi maola ngati asanu ndi anayi, osaphonya. Naye Goodricke anali wosamva, ndipo anamwalira ali ndi zaka 21 zokha. Musasokoneze ndi kuphethira kumene nyenyezi zonse zimachita, komwe kumabwera chifukwa cha mpweya wathu uno. Izi zimapuma ndithu. Zimafufuma nkuphwa, kufufuma nkuphwa. Chifukwa chake chinadzadziwika mayi Leavitt atamwalira kale: mkati mwa nyenyeziyo muli mpweya wa helium umene ukatentha umatsekereza kutentha ngati chivundikiro pa mphika wa nyemba. Nthunzi ikachuluka chivundikiro chimanyamuka, kutentha nkutuluka, chivundikiro nkubwerera, zonse nkuyambiranso. Ndipo monga ng'oma yaikulu imalira mwabesi, nyenyezi yaikulu imapuma mochedwa.

Nanga bwanji ena onse sanaone zimenezi pa zaka zoposa 100 chiyambire Goodricke? Ndi vuto lija la pamsewu. Nyenyezi za Cepheid za mumlalang'amba wathu zamwazikana, ina pafupi, ina kutali, ndipo palibe ankadziwa ngati yowalayo ikuwala chifukwa ndi yaikulu kapena chifukwa ili pakhomo. Nzeru ya mayi Leavitt inali yoona kuti kamtambo kakang'ono ka Magellan kali kutali kwambiri moti nyenyezi zake zonse tingazitenge ngati zili pa mtunda umodzi. Zili ngati mwaima paphiri usiku nkumaona magetsi a tauni ili makilomita 40 uko. Zoona, nyumba ina ili kuno kwa tauniyo, ina kuseri, koma kusiyana kumeneko nkochepa poyerekeza ndi makilomita 40. Getsi limene likuoneka lowala kwambiri pamenepo ndiye kuti ndi lalikuludi. Chinyengo cha mtunda chachoka.

Matenda anawachotsa pantchito kwa nthawi yaitali, kenako mu 1911 kunagwa maliro a bambo awo. Atabwerera anapitiriza, ndipo mu March 1912 kunatuluka kachikalata ka masamba atatu okha, nambala 173 pa makalata a malowa. Munali nyenyezi 25 za m'kamtambo kakang'ono kaja, yofulumira kwambiri yopuma pa tsiku limodzi ndi kachidutswa, yochedwa kwambiri pa masiku 127. Ataziika pa galafu, zinandanda pamzere wowongoka. Tanthauzo lake ndi ili: werengani masiku amene nyenyezi ya Cepheid ikutenga popuma, ndipo mwadziwa mphamvu yake yeniyeni, ngati kuti mwawerenga mawati olembedwa pa babu. Mukadziwa mawati, kufooka kwake kukuuzani mtunda, pakuti nyali ikatalikira kawiri imafooka kanayi, ikatalikira maulendo 10 imafooka maulendo 100. Ana a sukulu, masamu ake ndi omwewo a Fomu 3. Chovuta sichinali masamu. Chovuta chinali zaka zowerama pa madontho, ndi kuzindikira kuti kamtamboko ndi sikelo.

Kachikalatako kanasainidwa ndi Pickering. Dzina la mayi Leavitt lili m'chiganizo choyamba monga munthu amene anakonza zimene zalembedwamo, koma siginecha ndi ya bwana. Ena amamutenga Pickering ngati wakuba. Ine sindifika pamenepo. Munthuyu analemba ntchito amayi pamene ena ankawatsekera pakhomo, ndipo sanabise kuti ntchitoyo wagwira ndani. Mlandu wake kwa ine ndi wina, ndipo ndi waukulu kuposa wa siginecha. Mayi Leavitt anali atalemba m'kachikalatako kuti chotsala nkupeza mtunda weniweni wa nyenyezi zingapo za mtunduwu, kuti sikeloyo ikhale ndi manambala. Ankadziwa bwino chimene agwira m'manja. Koma bwana sanawasiye kuti achitsate. Pickering ankakhulupirira kuti ntchito ya malo ake ndi kusonkhanitsa manambala, zomasulira achite ena. Anawaika pa ntchito ina, yokonza muyeso wa kuwala kwa nyenyezi zozungulira nsonga ya kumpoto kwa thambo, kuti zithunzi za matelesikopu osiyanasiyana zizitha kuyerekezedwa. Anafananitsa magalasi 299 ochokera ku matelesikopu 13. Ntchitoyo inali yofunika, ndipo mayiko anaivomereza nkumaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Koma zili ngati munthu watulukira mgodi wa golide, inu nkumutuma kuti akawerenge matumba m'nyumba yosungiramo katundu, poti amawerenga bwino. Cecilia Payne, katswiri wina wamkazi amene anafika ku Harvard mu 1923 nkupatsidwa tebulo lomwe lija la mayi Leavitt, anadzalemba pambuyo pake kuti chigamulo chimenecho chinali chankhanza ndipo chinabwezera m'mbuyo maphunziro a nyenyezi zosinthasintha.

Golideyo anakumba ndi ena. Mu 1913 Ejnar Hertzsprung wa ku Denmark anayerekeza mtunda wa nyenyezi zingapo za Cepheid za mumlalang'amba wathu, sikelo ija nkukhala ndi manambala, ngakhale anali ophonya ndithu. Lero tikudziwa kuti kamtambo kakang'ono ka Magellan kali pa mtunda wa zaka za kuwala ngati 200,000. Kenako Harlow Shapley, ali ku Mount Wilson ku California, anagwiritsa ntchito sikelo yomweyo poyeza mlalang'amba wathu, ndipo pofika 1918 anasonyeza kuti ndi waukulu kuposa mmene ankaganizira, komanso kuti dzuwa lathu silili pakati pake, lili chakumphepete.

Panatsala mkangano waukulu, wa timautsi topotana tija, tonga NGC 4603. Tinali titapezeka tambirimbiri. Ena ankati ndi timitambo ta mpweya ta mumlalang'amba wathu momwemu, ndiye kuti kanyali ka wanjinga. Ena ankati ndi milalang'amba ina yathunthu ili kutali koopsa, ndiye kuti chilole. Pa 26 April 1920 Shapley ndi Heber Curtis anatsutsana pagulu ku Washington, Shapley akuti mlalang'amba ndi umodzi wokha wathuwu, Curtis akuti ilipo yambiri. Anabalalika osagwirizana, poti panalibe amene anali atayeza.

Mayi Leavitt yankho sanalione. Mu 1921 Shapley anakhala mkulu wa malo aja ku Harvard ndipo anawakweza kukhala mtsogoleri wa gawo loyeza kuwala kwa nyenyezi. Koma khansa ya m'mimba inali itawagwira kale. Anamwalira pa 12 December chaka chomwecho ali ndi zaka 53. Sanakwatiwepo, ankakhala ndi mayi awo pafupi ndi kuntchito. Katundu amene anasiya, tebulo, mpando, bedi, shelefu ya mabuku ndi tindalama tochepa tosunga, zonse pamodzi zinangopitirira pang'ono madola 300. Sanasiye buku la moyo wawo, ndipo makalata awo amene alipo ambiri ndi a zantchito ndi opepesa kuti adwala. Nchifukwa chake amene amalemba za iwo amavutika kunena kuti mumtima mwawo munali zotani. Anaikidwa pamanda a banja lawo ku Cambridge, dzina lawo lili m'mbali mwa chipilala chimodzi pamodzi ndi mayina a abale ena.

Pasanathe zaka ziwiri, usiku wa pa 5 kucha wa pa 6 October 1923, Edwin Hubble anajambula kautsi kopotana ka Andromeda ndi telesikopu ya ku Mount Wilson, ya galasi la mainchesi 100, yaikulu kuposa zonse padziko nthawiyo. Pagalasipo anaona kadontho kamene poyamba anakayesa nyenyezi yophulika. Atafananitsa ndi magalasi akale anapeza kuti kakupuma, anafufuta chizindikiro choyamba chija nkulembapo china ndi inki yofiira. Kankapuma pa masiku 31 ndi kachidutswa. Pa sikelo ya mayi Leavitt, nyenyezi yopuma mwezi wathunthu ndi chimphona chowala kuposa dzuwa maulendo zikwi zingapo. Kuti chimphona chotere chioneke ngati kadontho kovuta kuona, ndiye kuti chili kutali zedi. Hubble anapeza zaka za kuwala ngati 900,000, kunja kwenikweni kwa mlalang'amba wathu. Chinali chilole. Analembera kalata Shapley mu February 1924, ndipo akuti Shapley ataiwerenga anavomereza pamaso pa Cecilia Payne kuti kalatayo yagwetsa chilengedwe chake chonse. Zotsatirazo zinawerengedwa pamsonkhano wa akatswiri pa 1 January 1925. Mu 1929 Hubble yemweyo, ataima pa sikelo yomweyo, anasonyeza kuti milalang'amba ikutithawa, ndipo yakutali ndi imene ikuthawa mwaliwiro, chinthu chimene wansembe wina wa ku Belgium, Georges Lemaître, anali atachipeza kale m'masamu ake mu 1927.

Mu 1925 ku Harvard kunafika kalata yochokera ku Sweden. Katswiri wa masamu Gösta Mittag-Leffler ankalembera mayi Leavitt kuwauza kuti akuganiza zopereka dzina lawo kuti alandire mphoto ya Nobel. Mkuluyu sankadziwa kuti akulembera munthu amene wagona m'manda zaka zitatu ndi miyezi. Nobel sapatsa akufa. Shapley ndiye anayankha, kufotokoza za imfayo ndi kuwayamikira malemuwo, koma sanalephere kulowetsamo mawu osonyeza kuti kumasulira kwenikweni kwa ntchitoyo anachita ndi iye. Abale, khalidwe ili si la kwathu kokha.

Ndisakupatseni chithunzi choti sikeloyo inali yopanda banga. Nambala ya Hubble ija ya 900,000 inali yochepa. Andromeda ili pa zaka za kuwala 2.5 miliyoni. Cholakwika sichinali pa mzere wa mayi Leavitt, chinali pa manambala amene amuna aja anaupachika. Mu 1952, pamsonkhano ku Rome, Walter Baade anaulula kuti nyenyezi za Cepheid zilipo mitundu iwiri, wina wowala kuposa unzake, ndipo akatswiri ankaisakaniza ngati munthu woyezera chigoba chimodzi pogula, china pogulitsa, iye osadziwa. Pamsonkhano womwewo David Thackeray, amene ankagwira ntchito ku Radcliffe Observatory ku Pretoria, anaimirira ndi umboni wochokera m'kamtambo kakang'ono komwe kaja wotsimikiza zomwezo. Mitunda yonse ya milalang'amba inachulukitsidwa kawiri tsiku limenelo. Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti amene analakwitsa sanabise sikelo pansi pa tebulo. Anaikonza poyera.

Ngakhale zinali choncho, kwa zaka zina 40 akatswiri anakanganabe za liwiro limene chilengedwe chikufutukukira. Gulu lina linkati nambala yake ndi 50, lina linkati 100. Kusiyana kumeneko kunkatanthauza kuti chilengedwe chili ndi zaka 20 biliyoni kapena 10 biliyoni. Tangoganizani mitengo iwiri yotero pa katundu mmodzi. Pofuna kuthetsa mkanganowu panafunika kupeza nyenyezi za Cepheid m'milalang'amba yakutali kwambiri, ndipo kuchokera pansi pano mpweya unkasokoneza. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zimene anaponyera m'mlengalenga telesikopu ya Hubble mu 1990. Galasi lake ndi la mamita 2.4, locheperako pang'ono kuposa lija la ku Mount Wilson, koma lili pamwamba pa mpweya. Gulu lotsogozedwa ndi mayi winanso, Wendy Freedman, pamodzi ndi anzake, linayamba kusaka. Mu 1994 linapeza nyenyezizi mumlalang'amba wotchedwa M100, pa zaka za kuwala zoposa 50 miliyoni.

Kenako telesikopu inalozetsedwa pa kautsi kaja ka John Herschel. Anakajambula mobwerezabwereza mu 1996 ndi 1997, ndipo pakati pa nyenyezi zosawerengeka za m'mikono yake anasankhamo timadontho toposa 30 timene tinkawala ndi kuzilala pa nthawi yake. Ntchito yake ndi yomwe ija ya pa tebulo la ku Cambridge: chithunzi cha lero, chithunzi cha sabata yatha, ndi dontho liti lasintha, latenga masiku angati. Kusiyana kwake nkwakuti tsopano kompyuta inali makina. Zotsatira zinatuluka mu 1999: zaka za kuwala 108 miliyoni, ndipo panthawiyo NGC 4603 ndiwo unali mlalang'amba wakutali kuposa yonse imene munapezekapo nyenyezi za Cepheid. Mtundawu ndi woposa maulendo 500 mtunda wa kamtambo kamene mayi Leavitt anawerama nako. Chaka chomwecho gulu la Freedman linalengeza kuti nambala yokanganirana ija ili cha pa 70, ndipo mu 2001 linatsiriza ndi 72. Lero zaka za chilengedwe amaziika pa 13.8 biliyoni.

Mkangano sunatheretu. Amene amayeza ndi nyenyezi za Cepheid akupeza cha pa 73, amene amayeza ndi kuwala kotsalira kwa pachiyambi cha chilengedwe akupeza cha pa 67, ndipo telesikopu yatsopano ya James Webb, imene inaponyedwa mu December 2021, patangotha zaka 100 ndi masiku ochepa mayi Leavitt atamwalira, yakhala ikuyang'ananso timadontho tomweti kuti aone ngati pali pamene sikelo yapendekeka.

Mzere uja kwa zaka zambiri m'mabuku unkangotchedwa ubale wa masiku ndi kuwala, wopanda dzina la mwini, pamene lamulo la Hubble aliyense ankalitchula ndi dzina. Ndi posachedwapa pamene akatswiri ambiri ayamba kuutcha lamulo la Leavitt. Pali kamwala kena koyenda m'mlengalenga, nambala 5383, kamene kanapatsidwa dzina lawo. Palinso chigwa china pa mwezi chotchedwa Leavitt. Ndinachifunafuna pa mapu a mwezi kuti mwina usiku wina mwezi ukakhwima ndidzamulozere mwana wa mchemwali wanga, amene chaka chino akulemba mayeso a Fomu 4 ndipo amati masamu ndi a anyamata. Ndinapeza kuti chigwacho chili kuseri kwa mwezi, mbali imene sitembenukira kuno.